Farao wa m'sewero lanu avale chiyani?

Mwafunsa kuti wochita mbali ya Farao m'sewero la kutchalitchi mumuveke zotani. Choyamba sankhani ngati ndi mfumu yamoyo kapena yakufa, chifukwa ambiri amangokopera chophimba kumaso chagolide cha Tutankhamun, Farao wina wa ku Iguputo, wa manda amene katswiri wofukula zakale Howard Carter anapeza mu 1922, osadziwa kuti akuveka mnzawo za maliro. Ndevu zoluka zopindikira m'mwamba kunsonga, ndi manja opingasa pachifuwa, zimamuonetsa ngati Osiris, mulungu wa akufa. Farao amene akukalipira Mose akhale ndi ndevu zowongoka, zotambasuka pang'ono kunsi, zomangirira ndi chingwe chokwera m'masaya. Zinali zochita kuvala, ngakhale Hatshepsut, mkazi amene analamulira ngati mfumu, amaoneka nazo pa ziboliboli zake.

Kumutu chosavuta ndi nemes, nsalu ya mizeremizere. Imadutsa pamphumi, kuzungulira kuseri kwa makutu (makutuwo aoneke), mbali ziwiri n'kugwera pachifuwa, yotsala n'kumangidwa kumbuyo ngati mchira. Nsalu yofewa imakwinyika, ndiye ikanimo katoni mkati. Pamphumi musaiwale njoka yoimika mutu itafutukula khosi. Imaimira Wadjet, mulungu wamkazi woteteza kumpoto kwa Iguputo. Njokayo ndi chizindikiro cha ufumu.

Zisoti ndi zimene zimasokoneza. Choyera, chachitali chosongoka, ndi cha kumwera; chofiira, chokwera kumbuyo ndi kawaya kopiringizika kutsogolo, ndi cha kumpoto kumene Nile amathira m'nyanja. Mtsinjewu umachokera kumwera, n'chifukwa chake kumwerako kumatchedwa kumtunda. Pa mwala wosema wa mfumu Narmer, wa cha m'ma 3100 BC, mfumuyo yavala choyera mbali ina, chofiira mbali inayo. Mukalowetsa choyera mkati mwa chofiira, mwapanga chisoti cha wolamulira zigawo zonse ziwiri. Koma musasomeke nthenga za nthiwatiwa m'mbali mwa choyeracho, chimenecho ndi atef, chodziwika kwambiri ndi Osiris. Ngati pali gawo lothamangitsa Aisiraeli pagaleta, chabuluu chotchedwa khepresh chikhala bwino.

M'manja agwire heka, ndodo yokhota ngati ya m'busa koma yaifupi, yosapitirira mkono, ndi nekhakha, kandodo kolendewera zingwe zitatu za mikanda. Za Tutankhamun zili ndi mphete zosinthana za golide ndi galasi labuluu, choncho tepi yachikasu ndi yabuluu ikwanira. Kumbuyo kwa lamba mangiriraniko mchira wa ng'ombe yamphongo, wa chingwe chomasula ulusi kunsonga.