Batire la lithium pa mini-grid: kukula kwake, ndi chifukwa chake BMS si yongozimitsa

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene akuthandiza kukonza mini-grid ya sola, ija yoti mapanelo ndi mabatire zimakhala pamalo amodzi n'kumagawa magetsi kwa mabanja ambiri. Akuti usiku wonse anthuwo azigwiritsa ntchito pafupifupi 40 kWh, ndipo inveta yawo, chipangizo chosintha magetsi a batire (DC) kukhala a m'nyumba (AC), ndi ya 15 kW. Akufunsa ziwiri: agule batire lalikulu bwanji, komanso ngati BMS (kachipangizo koyang'anira batire) yotchipa ingakwanire, poti ntchito yake, iwo akuti, ndi kungozimitsa pakavuta.

Zikomo bambo. Funso loyambalo silivuta. Lachiwirili ndi limene landichititsa kulemba zambiri chonchi.

Pa mtundu wa batire musazengereze, tengani lithium iron phosphate, imene ambiri amangoti LFP. Gulu la John Goodenough ku University of Texas ndi limene lidafalitsa za mtunduwu mu 1997. Imalemera kuposa NMC, mtundu wina wa batire la lithium wopezeka m'magalimoto ambiri amagetsi, koma batire longokhala m'chipinda kulemera kwake kulibe kanthu. LFP sigwira moto msanga, ndipo imapirira kutchajidwa ndi kukhuthulidwa kambirimbiri. Batire limapangidwa ndi timabatire ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo limodzi limapereka 3.2 V. Mukalumikiza maselo 16 motsatizana mupeza 51.2 V, imene ogulitsa amaitcha 48 V. Maselowo akakhala a 280 Ah, bokosi limodzi la maselo 16 lisunga pafupifupi 14.3 kWh.

Tsopano masamu anu. Inveta imadyako mphamvu ina, ndiye tiyerekeze kuti imatulutsa 92 pa 100 ya zimene yalandira: 40 kWh ija yasanduka 43.5. Batire simulikhuthula mpaka pansi, tinene kuti muzitengamo 80 pa 100, zafika 54. Komanso batire limakalamba, ndipo opanga ambiri amawerengera moyo wake mpaka litatsala ndi 80 pa 100 ya mphamvu yake yoyamba. Ngati mukufuna kuti lidzatulutsebe usiku wonse litakalamba, mukufunika pafupifupi 68 kWh. Amenewo ndi mabokosi asanu. Izi ndi za usiku umodzi wokha. Masiku a mitambo mufunika kusankha pakati pa kuwonjezera mabokosi, kuwonjezera mapanelo, kapena kuika jenereta. Ine ndimayamba ndi mapanelo, chifukwa batire lalikulu losadzaza ndi mavuto okhaokha, monga muonere posachedwa.

Tibwere ku BMS, kachipangizo koyang'anira batire. Zoona imazimitsa: selo likadutsa 3.65 V potchaja, likatsika kufika pafupifupi 2.5 V, pakachitika shoti, kapena likatentha kwambiri. Koma pa mini-grid kuzimitsako ndi mdima m'nyumba zonse nthawi imodzi. Ndiye cholinga chanu pokonza chikhale choti BMS isamafike pozimitsa. Zimenezi zimatheka pokhapokha BMS ikamalankhulana ndi inveta komanso ma charge controller, zotchaja batire kuchokera ku mapanelo, kudzera pa waya wotumizira mauthenga wa CAN kapena RS485. Ikaona selo limodzi likuthamangira pamwamba, imauza chotchaja kuti chichepetse ma amp, pang'onopang'ono mpaka zitakhazikika. Ikaona batire likutha, imachenjeza inveta nthawi ikadalipo, kuti idule kaye laini ya zinthu zodya magetsi ambiri n'kusiya mababu akuyaka. BMS yosalankhula imangodikira, kenako n'kudula. Ndipo ikadula dzuwa lili pamutu, mapanelo akukankha mphamvu yonse, mavoti pa mawaya amatha kulumpha n'kuwononga zida.

Pali china chimene chimasokoneza anthu ozolowera mabatire a lead-acid. Pa amenewo mumatha kuika mita, n'kudziwa pafupifupi mmene mwatsalira. LFP siitero. Kuyambira litatsala 20 pa 100 mpaka cha m'ma 90, selo limangoonetsa mavoti apakati pa 3.2 ndi 3.3 kapena kupitirira pang'ono. Mita ikuuzani kuti zonse zili bwino, pamene batire latsala pang'ono kutha. N'chifukwa chake BMS yabwino imawerenga ma amp olowa ndi otuluka mphindi iliyonse. Koma kuwerengaku kumasokera pang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo kumakonzeka batire likadzaza mpaka pamwamba. Likatha milungu osadzaza, chiwerengero cha pa sikirini chimayamba kunama: chikuti 30 pa 100, magetsi n'kuthima.

Kudzazako kuli ndi ntchito inanso. Maselo 16 aja ali ngati anthu osenza mtengo umodzi pamapewa: mmodzi akafooka, onse atula. Selo lotsalira m'mbuyo ndi limene limayamba kutha, ndipo BMS imadula bokosi lonse ngakhale ena 15 akadali ndi mphamvu. Kulinganiza maselo kumachitika makamaka pamwamba, pamene mavoti awo ayamba kusiyana mooneka. BMS zambiri zotchipa zimangotaya mphamvu ya selo lotsogola kudzera pa resistor, kachipangizo kosandutsa mphamvuyo kukhala kutentha, ndi ma milliamp ochepa chabe. Pa selo la 280 Ah, ma milliamp ochepawo angatenge masiku ambiri kuti akonze kusiyana kwakung'ono. Funsani nambala ya ma milliamp olinganizira maselowa musanagule. Zilipo zina zimene zimasamutsa mphamvu kuchoka ku selo lodzaza kupita ku lotsalira, pa 1 A kapena 2 A.

Za ma amp nazo musazione mopepuka. Inveta ya 15 kW ikamagwira ntchito mokwana imakoka pafupifupi 300 A, kapena 60 A pa bokosi lililonse ngati mawaya onse ndi ofanana kutalika ndi kunenepa. Akasiyana, bokosi lapafupi limasenza zambiri n'kukalamba msanga. Ndiye wina ayatse mota ya pampu, imene poyambira imatha kukoka kasanu kapena kuposa ma amp ake a nthawi zonse. Bokosi limodzi likadula, anayi otsalawo asenza katundu wonse, lachiwiri lidula, ndipo m'kamphindi onse azima. Pamafunika BMS imodzi yaikulu yoona mabokosi onse ngati batire limodzi. Bokosi lililonse likhalenso ndi fyuzi yake ya DC yotha kudula ma amp masauzande, monga ya Class T, chifukwa shoti ya lithium si yamasewera. Polumikiza inveta koyamba pakhale precharge resistor yolowetsa magetsi pang'onopang'ono, apo ayi ma capacitor ake, tizipangizo tosunga magetsi mkati mwa inveta, amakoka magetsi mwadzidzidzi ngati shoti.

Kutentha ndi mdani wachete. Zaka zimene opanga amalonjeza amaziyesa pa madigiri 25. Batire lokhala m'kontena yachitsulo padzuwa silingafike zaka zimenezo, ndiye ganizirani za mthunzi ndi mpweya musanaganize zowonjezera bokosi. Kumalo ozizira vuto ndi lina: kutchaja pansi pa madigiri 0 kumawononga maselo osakonzekanso, ndipo BMS iyenera kukana.

Chinthu chimodzi chimene simunatchule mu imelo yanu ndi mmene mapanelo akulumikizidwira. Ngati onse akudutsa pa ma inveta a sola a mbali ya AC, tsiku limene batire lidzatheretu mudzavutika: ma inveta amenewo sayamba popanda magetsi pa laini, ndipo laini singakhale ndi magetsi popanda batire. Siyani mapanelo ena pa charge controller ya mtundu wa MPPT yolumikizidwa ku batire mwachindunji, kuti dzuwa likatuluka zonse zidzuke zokha.

Kwa wogulitsa pemphani umboni wa IEC 62619, muyezo wa chitetezo cha mabatire a lithium, ndi mndandanda wa ma inveta amene BMS yake idayesedwa nawo. Inveta yanu ikapanda kupezeka pamenepo, musalipire kaye. Mukandilemberanso, munditumizire kukula kwa mota iliyonse imene idzakhale pa laini ndi ma kW a mapanelo anu, tione ngati mabokosi asanuwo azidzaza tsiku lililonse.