Za anapiye a zitosi zamagazi ndi abakha aja

Eee alamu, uthenga wanu ndaumva. Mwati anapiye a masabata anayi akuchita zitosi zamagazi, akungounjikana mapiko ali lende, ndipo mukufunsa ngati abakha angamwe mankhwala omwewo poti akugona khola limodzi.

Zizindikiro zimenezo, pa msinkhu umenewo, n'za matenda a m'matumbo otchedwa coccidiosis. Amagwira kwambiri anapiye a masabata atatu mpaka 6. Timayambitsa ndi tizilombo totchedwa Eimeria, timalowa m'khungu la m'kati mwa matumbo n'kumalinyenya, magaziwo akuchokera pamenepo. Si njoka zam'mimba ayi, ndiye mankhwala a njoka musataye nawo nthawi. Koma mukaona ena akupinda khosi, akubanika, zitosi zobiriwira, chimenecho n'chitopa, itanani alangizi a ziweto msanga.

Funani mankhwala otchedwa amprolium lero lomwe. Akakhala waufa wa 20%, sungunulani magalamu 12 m'malita 10 a madzi. Akakhala wamadzi wa 9.6%, ndi mamililita 2.5 pa lita imodzi, yezerani ndi sirinji, osangothira mwa maso. Werenganinso papaketipo, mphamvu zake zimasiyana. Amwe onse, odwala ndi ooneka bwino omwe, masiku 5 mpaka 7. Muzisungunula atsopano m'mawa uliwonse, ndipo pasapezeke madzi ena paliponse, ngakhale chithaphwi, chifukwa akamwa kwina mlingo wa mankhwalawo umaperewera kwambiri. Amene afooka osatha kumwa okha, muviike mlomo wawo m'madzimo, kapena muwadonthezere pambali pa mlomo pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Masikuwo akatha, pitirizani ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo uja kwa sabata imodzi kapena awiri.

Tsono apa mumvetsetse, ambiri amalakwitsa pomwepa. Musasakanize mavitamini m'madzi a mankhwalawo. Amprolium amagwira ntchito pomana tizilomboto vitamini B1, ndiye mukathiramo mavitamini ndiye kuti mukutidyetsanso. Mavitamini abwere mankhwala akatha, makamaka A ndi K, amathandiza matumbo kupola ndi magazi kusiya kutuluka. Pakapita masiku atatu osasintha, pali mankhwala ena, toltrazuril wa 2.5%, mililita imodzi pa lita kwa masiku awiri, koma ameneyo sapatsidwa kwa nkhuku zoikira mazira odya.

Za abakha zija. Tizilombo ta nkhuku sitidwalitsa bakha, abakha ali ndi mitundu yawoyawo. Ndiye ngati akudya bwino, zitosi zili bwino, asiyeni. Ana a bakha akadwala, amprolium yemweyo amatheka, koma pachomwera chawochawo, mlingo wa theka, chifukwa bakha amamwa madzi ambiri kuposa nkhuku. Mankhwala a sulfa muwapewe kwa abakha pokhapokha alangizi atakuyezerani, amapweteka impso akachuluka.

Vuto lenileni la abakhawo ndi chinyezi. Amasewera m'zomwera, amanyowetsa utuchi wonse, ndipo timazira ta tizilomboti totuluka m'zitosi timakhwima m'tsiku limodzi kapena awiri pamalo onyowa ndi ofunda. Mwanapiye akajompha pamenepo watenga. N'chifukwa chake ena amapereka mankhwala bwinobwino koma matenda n'kubweranso. Asiyanitseni lero, abakha kwawo, anapiye kwawo. Chotsani utuchi wonse wonyowa mukautaye kutali, tsukani zodyera ndi zomwera ndi madzi owira, poti mankhwala wamba otsukira m'khola sapha timazirato. Pansi paume kaye musanayale utuchi wina. Zomwera muziike pamwamba pa njerwa, zifike pamsana pa anapiye, kuti asapondemo kapena kuchitiramo zitosi.

Amene afa muwakwirire mozama kapena kuwatentha. Mawa m'mawa munditumizire chithunzi cha zitosi ndi cha paketi yomwe mwapezayo, ndikuwerengereni mlingo wa chomwera chanucho.