Kodi ndigule maikulosikopu yotani yoonera makobidi anga?

Funso: Akonzi, ndimasonkhanitsa makobidi akale a maiko osiyanasiyana, ndipo ndikufuna chipangizo chondithandiza kuona tizilembo tating'ono ndi kujambula zithunzi zooneka bwino. Ndaona maikulosikopu zolumikiza ku kompyuta zimene ogulitsa akuti zimakuza chinthu ka 1,000. Kodi ndigule imeneyi? Ndine wowerenga wanu.

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Nambala ya 1,000 isakukopeni, chifukwa khobidi silifuna kukuzidwa chotero, ndiponso pa zipangizo zambiri zotere nambalayo imadalira kukula kwa sikirini imene mukuonerapo, osati mphamvu ya magalasi ake. Bungwe la NGC la ku America, lomwe limayesa ubwino wa makobidi, limapereka mlingo wapamwamba kwambiri wa 70 kwa khobidi limene silionetsa chilema likakuzidwa kasanu kokha. Choncho galasi la m'manja lokuza ka 5 kapena ka 10 muyenera kukhala nalo musanaganize za china chilichonse.

Mukafuna kupitirira pamenepo, pewani maikulosikopu ya mtundu woyezera magazi, pakuti kuwala kwake kumachokera pansi n'kudutsa m'chinthu chopyapyala, pomwe kuwala sikudutsa m'chitsulo. Yokuyenerani ndi ya mtundu wa stereo, yoyang'anira ndi maso onse awiri, imene nthawi zambiri imakuza kuyambira ka 7 mpaka ka 45. Ubwino wake ndi wakuti imaonetsa kutukuka ndi kulowa kwa zojambula za pa khobidi, ndipo imasiya mpata wa masentimita pafupifupi 10 pakati pa galasi ndi khobidilo, moti mutha kulitembenuza ndi kusuntha nyale mosavuta. Kuona kutukuka kumeneku n'kofunika zedi. Mwachitsanzo, zilembo zikaoneka ziwiriziwiri, zimatheka kuti chidindo chenichenicho chinapangidwa chotero, monga zinachitikira pa senti yotchuka ya ku America ya 1955, ndipo zikatero zilembo zonse ziwiri zimakhala zotukuka bwino. Koma ngati chidindo chinangogwedezeka podinda, chilembo chachiwiricho chimakhala chophwatalala ngati sitepe, ndipo osonkhanitsa makobidi sachiwerengera mtengo. Ambiri amene amangodalira chithunzi cha pa sikirini amasokoneza ziwirizi.

Sindikunena kuti yolumikiza ku kompyuta njachabe. Imathandiza ngati bajeti ili yochepa, koma onetsetsani kuti choimikira chake n'cholimba komanso chachitali mokwanira kuti khobidi lonse lilowe m'chithunzi, pakuti zambiri zimangoonetsa kachigawo chabe. Pa ya stereo, sankhani yokhala ndi khomo lachitatu lomangirirapo kamera, ndipo galasi loonjezera la 0.5, lomwe limachepetsa mphamvu yokuza ndi theka, limakulitsa malo ooneka kuwirikiza kawiri.

Pojambula, nkhani yagona pa kuwala. Nyale zozungulira galasi, zimene zimabwera ndi zipangizo zambiri, zimawalitsa khobidi mothobwa m'maso n'kubisa timikwingwirima timene mukufuna kuona. Ndi bwino kuzizimitsa n'kuika nyale ziwiri zazing'ono cham'mbali, mozipendeketsa, kuti zilembo zikhale ndi timithunzi, ndipo kuwalako kukachuluka mukufewetse ndi pepala loyera lopyapyala. Nyale zonse zikhale za mtundu umodzi, ndipo kamera muitchere poyamba pa pepala loyera kuti mkuwa usaoneke ngati golide. Khobidi ligone mosapendekeka pa nsalu yofewa yakuda, ndipo mujambule pogwiritsa ntchito kompyuta kapena chotchera nthawi, chifukwa kungokhudza chipangizo ndi chala kumagwedeza chithunzi. Dziwaninso kuti mukakuza kwambiri, mbali yotukuka ikaoneka bwino yolowa imachita chimbuuzi. Vutoli limatha mukajambula zithunzi zingapo, chilichonse molunjika pa msinkhu wakewake, kenako n'kuziphatikiza ndi pulogalamu ya pakompyuta.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: maikulosikopu idzakuonetsani litsiro ndi dzimbiri zimene simunazionepo, koma musakwechepo, chifukwa kupukuta kumasiya tizipsera tosafufutika n'kutsitsa mtengo wa khobidi. Ligwireni m'mphepete mokha. Ndipo ngati mukukayikira kuti n'lachinyengo, yang'anani timaenje tonga thovu ndi msoko wa m'mphepete, zomwe zimasonyeza kuti linathiridwa m'chikombole m'malo modindidwa, kenako muyeze kulemera ndi kukula kwake n'kufananiza ndi zimene zinalembedwa m'mabuku a makobidi.