Achimwene a Sienta, za kuterera kwa galimoto mu gemu

Achimwene funso lanu ndinaliona mmawa koma ndinali pa ntchito, nde ndati ndikhale kaye pansi ndiyankhe bwinobwino chifukwa nkhani imeneyi ndimaikonda zedi. Mwati mwakhala mukuyendetsa Sienta zaka zisanu osalowako mu ngalande olo kamodzi, koma mutayesa gemu ya mpikisano wa galimoto ya Assetto Corsa pa laputopu ya mphwanu galimoto imangozungulira pa kona iliyonse ngati muli pa matope, nde mukufunsa ngati magemu amenewa amatsanziradi galimoto yeniyeni kapena amangowonjezera kuterera dala kuti avute. Ndaonanso ena mma comment akuti gemu ikamavuta ndekuti ndi real. Apo ine ndikukana ndithu. Tayala lenileni limagwira msewu kwambiri, ndipo lisanataye limayamba lakuchenjezani kaye. Chimene chikukusowani mu gemumo si grip, kugwira kwa tayala kuja, ayi, ndi chenjezolo.

Poyamba tayang'anani kaye speedometer nthawi imene mukulowa mu konamo. Ndikutsimikiza mupeza muli pa 120 kapena kuposa. Tsono ganizirani mukutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, makona aja mumawatenga pa 30 mwina 40 chifukwa thupi lokha limachita mantha, phazi limapita lokha pa buleki musanaganize nkomwe. Pa sikirini 120 imaoneka ngati mukungoyenda wamba. Ndipo masamu ake ndi owawa, liwiro likawirikiza kawiri, tayala limafunika kugwira kanayi kuti mudutse kona yomweyo. Kuchoka pa 40 kufika 120 ndi katatu, ndekuti mukulipempha tayala ntchito yochuluka ka 9. Sienta yanu yomweyo mutaipanga zimenezo bwenzi tikukamba zina pano.

Chachiwiri ndi thupi, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Mukakhala mgalimoto yeniyeni simuyendetsa ndi maso okha. Msana umamva, matako amamva pa mpando, ngakhale mkati mwa khutu muli kachiwalo kamene kamadziwa kuti mutu wayamba kutembenuka. Ine ndinazimva bwino tsiku lina ndikuchokera kumudzi ku Ntchisi pa pickup yopanda katundu kumbuyo, mvula yoyamba itangogwa pa dothi lofiira lija la katondo. Ndinali pa giya yachiwiri, ndinangowonjezera moto pang'ono potuluka pa kakona kena, kumbuyo nkuyamba kutsetserekera kumanja pang'onopang'ono ngati munthu akukankha. Manja anga anali atabweza kale chiwongolero ndisanazindikire chimene chikuchitika, phazi linachoka lokha pa moto, galimoto nkuwongoka. Uthenga unadzera mu mpando. Mu gemu mpando wanu ndi wa pabalaza, sugwedezeka, mumadikira mpaka maso aone kuti mitengo yayamba kuyenda cham'mbali, ndipo pofika pamenepo mwachedwa kale. Ndichifukwa chake anthu ambiri odziwa kuyendetsa amati gemu ndi yoterera kuposa msewu, pomwe masamu a tayala mkatimo ali bwinobwino.

Komanso simunanene koma ndikuganiza kuti munkasewera ndi keyboard. Batani la keyboard lilibe pakati, mwina mwadina mwina simunadine. Zili ngati munthu woti akafuna kukhota amapotokola chiwongolero mpaka chithere, akafuna kupita amaponda moto mpaka pansi. Palibe galimoto ingapirire zimenezo.

Tsono za tayala lenilenilo. Malo amene tayala limodzi limakhudza tala ndi ochepa, pafupifupi chikhatho cha dzanja lanu. Zikhatho zinayi basi, ndi zimene zanyamula galimoto yonse ndi anthu ake. Chimene ambiri sadziwa nchakuti mukakhota tayala silipita ndendende kumene laloza. Labala wa pansi uja amapotoka, nde pamakhala kusiyana kwa madigiri ochepa pakati pa kumene tayala layang'ana ndi kumene likupitadi, akatswiri amati slip angle. Kusiyanako kukamakula grip imakweranso, imakwera mpaka kufika pachimake, kenako imayamba kutsika. Ndekuti galimoto yothamanga bwino mu kona imakhala ikutsetsereka pang'ono nthawi zonse, dalaivala wabwino amakhala pamphepete pomwepo osadumpha. Ndipo chisanafike chimake chija chiwongolero chimayamba kupepuka mmanja. Limenelo ndi chenjezo lija ndimanena. Pa msewu wa miyala yaing'onoyaing'ono mukalowa kona mwachangu munamvapo chiwongolero chikupepuka ngati matayala akutsogolo akuyandama eti? Ndi chomwecho.

Munthu amene anathandiza kwambiri kuika zimenezi mu masamu ndi pulofesa wa ku Delft ku Netherlands, Hans Pacejka, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo masamu akewo amatchedwa Magic Formula. Magemu ambiri akale ankadalira zoterezi. Masiku ano ena amawerengera labala weniweniyo, kutentha kwake, mpweya wa mkati, kupindika kwa mbali mwa tayala. Mwachitsanzo opanga Forza Motorsport ya 2023 ananena kuti tayala lililonse likuwerengedwa pa malo 8 okhudza msewu, ka 360 pa sekondi, pomwe kale anali malo amodzi ka 60 pa sekondi. Nde sikuti anthuwa amangopeka.

China chimene chimagwetsa anthu atsopano, tayala lili ndi mphamvu imodzi yokha yogwirira, nde mumasankha kuti muigwiritsa ntchito yanji. Mukaithera yonse pa buleki, yokhotera palibe. Mukaithera pokhota, yoponda moto palibe. Mapanga awiri avumbwitsa achimwene. Pondani buleki galimoto ili chowongoka, mukamayamba kukhota muzimasula phazi pang'onopang'ono, moto muwonjezere pamene chiwongolero chayamba kubwerera pakati. Ndiye pali kulemera kwa galimoto komwe kumasamuka, mukaponda buleki mphuno imagwada kumbuyo nkupepuka, mwaonapo apasenja akuweramira kutsogolo onse nthawi imodzi. Kumbuyo kukapepuka matayala akumbuyo sagwira mokwanira. Nde mukachita mantha pakati pa kona nkuchotsa phazi pa moto mwadzidzidzi, kulemera kumathamangira kutsogolo, kumbuyo nkukupitirirani. Ndikukhulupirira kuzungulira kwanu kwambiri kunachokera pamenepa.

Pa galimoto za mpikisano palinso kutentha. Matayala aja osalala opanda mizere sagwira akadali ozizira, amafuna afunde kaye. Mu gemu ina ya Assetto Corsa Competizione mukamazungulira bwalo koyamba mumamva ndithu kuti galimoto ikukana, mukazungulira kawiri katatu imakhazikika, ndipo mpweya anthu amalimbana kuti ukhale cha pa 26 mpaka 27 psi tayala litatentha. Kungophonya ndi psi imodzi nthawi yanu imasintha. Kwa abale athu amene ali ku Joni, bwalo la mpikisano la Kyalami lilimo mu gemu imeneyi, mutha kuzungulira bwalo loti mumalidutsa pa msewu.

Magemu ake ndi osiyana ndipo tisawaike mu dengu limodzi. Need for Speed Most Wanted ya 2005 imene tinakulira mmashopu a gemu ija ndi yokoma mpaka lero koma tayala mulibemo, galimoto imakhota pa 200 ngati yamangidwa pa njanji, ndipo ndi dala, cholinga chake nchoti musangalale. Forza Horizon ili pakatikati, kulemera kwa galimoto kumamveka koma grip anawonjezera. Gran Turismo, imene inayamba 1997 pa PlayStation yoyamba, kwa ine ndi imene imadziwa kulankhula ndi munthu wa padi (kosewerera gemu kogwira mmanja kaja), makamaka Gran Turismo 7 pa PS5 pamene batani la buleki limanjenjemera pa chala ABS, yoletsa matayala kuuma mukaponda buleki, ikayamba kugwira ntchito. Anasinthanso physics yake, masamu a mmene galimoto imayendera, mu July 2024, galimoto zinayamba kumveka zolemera bwino pa mabampu. Assetto Corsa ya 2014 inapangidwa ndi Kunos aku Italy amene ofesi yawo inali pa bwalo la mpikisano la Vallelunga penipeni, ndipo inapangidwira chiwongolero, pa keyboard imakhala nkhanza. iRacing nayo ndi yapamwamba, Max Verstappen, katswiri wa mpikisano wa Formula 1, amasewera imeneyo, koma imafuna kulipira mwezi ndi mwezi komanso intaneti yosadukaduka, nde kwathu kuno ndi bundle ndi magetsi athuwa ndi yovuta.

Sindikunena kuti magemu alibe zolakwa. Pofooka pawo kwenikweni ndi pamene tayala ladutsa kale chimake chija. Kuyeza tayala likugwira nkosavuta, koma kuyeza likutsetsereka, likutentha, utsi ukutuluka, nkovuta, ndipo makampani a matayala sagawa zinsinsi zawo wamba. Ngakhale madalaivala enieni a mpikisano anadandaulapo kuti mu iRacing galimoto ikangotsetsereka pang'ono imavuta kuibweza kuposa yeniyeni. Nde amene akuti kuvuta ndiye real aja amve pamenepa, nthawi zina kuvutako ndi kulephera kwa gemu. Pa mvula ndi pa fumbi napo ambiri amaphonya. Fumbi limene ndinalimva lofanana ndi misewu yathu ya kumudzi ndi la DiRT Rally 2.0 ndi Richard Burns Rally ya 2004, yakale koma mmene galimoto imakumbira mu miyala ndi mmene imachedwera kumva chiwongolero, ndimakumbuka za ku Ntchisi zija.

Koma kuti magemuwa amaphunzitsadi kanthu umboni ulipo. Nissan ndi Sony anayambitsa GT Academy mu 2008, kutenga osewera Gran Turismo nkuwaika mgalimoto zenizeni. Woyamba kupambana anali Lucas Ordóñez wa ku Spain, ndipo 2011 anamaliza wachiwiri mu kalasi yake pa mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France. Jann Mardenborough wa ku Britain anapambana 2011, pofika 2013 anali wachitatu mu kalasi yake pa mpikisano womwewo wa maola 24. Anaphunzitsidwabe miyezi yambiri asanafike kumeneko, thupi linafunika kuzolowera kukankhidwa ndi mantha enieni, koma pomangira buleki ndi njira yodutsira kona anabwera nazo kuchokera pa sikirini.

Za kugula chiwongolero, ngati thumba likulola gulani, olo chogwiritsidwa kale ntchito. Logitech G29 ndi yokwanira poyambira, imazungulira madigiri 900 ngati galimoto yeniyeni ndipo muli mota imene imakubwezerani kupepuka ndi kulemera kuja mmanja. Mphamvu ya motayo, imene amati force feedback, musaike pa 100, ikadzadza kwambiri zonse zimamveka zolemera chimodzimodzi nde chenjezo lija limasowanso. Ngati ndalama palibe pezani padi, ndi bwino kutalitali kuposa keyboard, ndipo ngati laputopu ndi yofooka yesani Live for Speed, demo yake ndi yaulere ndipo tayala lake ndi labwino modabwitsa.

Weekend ino pangani chonchi. Siyani kaye ma Ferrari, tengani Toyota GT86 mu Assetto Corsa momwemo pa bwalo laling'ono la Magione. ABS ndi traction control (yoletsa matayala kuzungulira pachabe mukaponda moto) musazimitse, palibe manyazi, galimoto zenizeni za mpikisano za GT3 nazonso zimathamanga nazo. Tsitsani phokoso la injini mukweze la matayala kuti makutu agwire ntchito ya mpando, kulira kochepa ndekuti muli pabwino, kukuwa ndekuti mwapyola. Maulendo asanu oyamba ozungulira bwalo yendetsani ngati mwanyamula mayi anu ndi thireyi ya mazira, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono kona imodzi imodzi. Mukatha mudzalembe pompano nthawi imene mwapeza komanso kona imene ikukuvutanibe, tidzaione limodzi.