Mazira a turmeric ophikiratu: masiku anayi basi, osapitirira

Achemwali, mwafunsa ngati mungaphikiretu mazira a turmeric (ufa wachikasu uja wokometsera zakudya) Lamulungu kuti muzingotenthetsa m'mawa uliwonse mpaka Loweruka, komanso ngati turmeric amathandiza kuphwanya kwa mafupa. Za mafupazo akuyankheni achipatala, ine ndinenapo za mazira.

Mpaka Loweruka ayi. Mazira ophika amene mwasakaniza ndi mkaka kapena masamba amakhala bwino masiku 3 kapena 4 mufiriji yozizira madigiri 4 kapena kutsikirapo. Mukaphika Lamulungu madzulo, Lachinayi m'mawa akhale atatha. A Lachisanu ndi Loweruka akulungeni limodzilimodzi, muike mufiriza tsiku lomwe mwaphikalo, osati atagona kale mufiriji masiku atatu. Amene akuyankha kuti "bola ngati sakununkha" musawamvere. Tizilombo totsegula m'mimba sitidikira kuti dzira linunkhe kaye.

Mazira okazinga movundula aja asiyeni, sagona bwino. Pofika mawa lake amakhala atauma pamwamba, pansi pali madzi. Njira yodalirika ndi kuwaphika mu uvuni, m'thireyi ya timakeke ija ya mabowo 12. Pamabowo 12 amenewa muyenera mazira 10, mkaka masupuni aakulu 4, mchere theka la supuni yaing'ono, tsabola wakuda pang'ono, mafuta ophikira supuni yaikulu imodzi, ndi turmeric waufa theka la supuni yaing'ono. Theka basi. Ena amanena supuni yaikulu yodzaza, koma muyeso umenewo mazira amawawa ndipo amamveka dothi mkamwa, ana sangadye. Ngati mukufuna mtundu wowala kwambiri, fikani pa supuni yaing'ono imodzi, musapyole apo.

Turmeric musamuthire wouma m'mazira osaphika. Sasungunuka m'madzi, ndiye amapanga timibulu, wina n'kuluma kachibulu kowawa pomwe dzira lina lilibe kanthu. Amasungunuka m'mafuta. Kazingani anyezi mmodzi wodula bwino pamoto wochepa mpaka afewe, thirani turmeric ndi tsabola wakuda uja, vundulani masekondi 30, kenako chotsani pamoto. Akada n'kuyamba kutulutsa utsi ndiye kuti wapserera, tayani muyambirenso chifukwa kuwawa kwake sikuchoka. Dikirani kuti zizizire musanathire m'mazira omenya, apo ayi mazirawo ayamba kupsa m'mbale momwemo.

Chomwe chimaononga mazira ophikiratu kwambiri ndi madzi a masamba. Sipinachi, bowa ndi tomato ndi madzi okhaokha. Mukaziika zosaphika, madziwo amatuluka mu uvuni, ena amatulukabe mufiriji, ndiye Lachiwiri mukatsegula kontena mupeza mazira ali m'chithaphwi chachikasu. Bowa mukazingeni mpaka m'chiwaya muume. Sipinachi ifote pamoto, izizire, kenako ifinyeni ndi dzanja mpaka isiye kudontha. Mudzadabwa kuti mbale yodzaza yasanduka kampira kokwana m'chikhatho. Tomato chotsani njere ndi madzi ake am'kati, kapena musamuikemo n'komwe, mudzadule watsopano pa nthawi yodya. Masamba onse ophika pamodzi asapose kapu imodzi ndi theka pa mazira 10 aja, akachuluka dzira siligwirana.

Pakani mafuta bowo lililonse mpaka m'mphepete, chifukwa dzira limamatirira kuposa keke. Gawani masamba m'mabowo, thirani mazira mosadzazitsa, musiye kampata pamwamba. Uvuni ukhale utatentha kale madigiri 180, ndipo phikani mphindi 18 mpaka 20. Lowetsani mpeni pakati pa limodzi: ukatuluka wopanda dzira lamadzi, tulutsani pompo. Mukawasiya kuti afiire pamwamba ngati keke ndiye mwapsetsa, amalimba ngati labala n'kufinya madzi awo omwe, ndipo kumbukirani kuti adzalowanso pamoto potenthetsa. Amafufuma mu uvuni kenako n'kuphwa akatuluka. Palibe chalakwika pamenepo, musathiremo soda kuti aimirire. Soda amasandutsa turmeric kukhala wofiira, ndipo kukoma kumakhala kwa sopo.

Ngati mulibe uvuni, thirani zonsezo m'chiwaya chopaka mafuta, vundikirani, moto ukhale wochepetsetsa kwa mphindi pafupifupi 12 mpaka 15, likazizira dulani zidutswa.

Akapsa achotseni m'thireyi pakatha mphindi 5, aikeni poti mpweya uzidutsa pansi, ndipo akhale atalowa mufiriji maola 2 asanakwane. Mukawatsekera m'kontena akadali otentha, nthunzi imasanduka madzi pachivundikiro n'kudonthera pa mazira. Yalani pepala la m'khitchini pansi pa kontena kuti lizimwa chinyezi. Kontena yake ikhale yagalasi ngati muli nayo, chifukwa pulasitiki ndi mthiko wamtengo turmeric amazidetsa chikasu chovuta kuchotsa. Zikadetsedwa kale, tsukani ndi sopo muyanike padzuwa, mtunduwo umafwifwa.

Potenthetsa mu maikulowevu, tsitsani mphamvu ifike theka, awiri kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo pang'ono, mpaka pakati patenthe ndithu, osati kungofunda. M'chiwaya thirani madzi supuni imodzi n'kuvundikira mphindi 3 kapena 4. A mufiriza atsitsireni mufiriji usiku kuti asungunuke, osati patebulo. Tenthetsani okhawo amene mudye m'mawa umenewo, otenthetsa kale akatsala asabwererenso mufiriji.

Wina wakuuzani kuti mungowiritsa mazira. Owiritsa osasenda amakhaladi sabata mufiriji, koma musawaike mufiriza, choyera chake chimalimba n'kuchita madzi. Ndipo dzira lowiritsa lathunthu musalilowetse mu maikulowevu: nthunzi imatsekeka m'kati, limaphulika, nthawi zina mutalitulutsa kale mukulibaya ndi foloko. Liduleni kaye pakati, kapena liviikeni m'madzi otentha mphindi zingapo.

Magetsi akazima, musamatsegule firiji pafupipafupi. Yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Akapitirira apo m'kati n'kufunda, mazirawo tayani ngakhale akuoneka bwinobwino.