Popita ku Joni, Simu ya Kuno Ndiitenge Kapena Ndikagule Konko?

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera pa imelo sabata ino. Akuti: "Achimwene, ndimachita geni ya zofunda ndi ziwiya, ndipo mwezi wamawa ndikupita koyamba ku Joni pa basi kukapikula katundu. Ndikakhala masabata atatu kwa alamu anga. Ena akuti ndingothira mayunitsi ambiri mu simu yanga ya kuno izikagwira konko, ena akuti ndikagule ya komweko. Nanga ndikasintha simu, WhatsApp yanga yomwe muli makasitomala onse siithawa?"

Mayi, mukagule simu ya komweko, koma ya kunoyi muitenge ndipo musaichotse m'foni. Ntchito zake n'zosiyana. Ya ku Joni ndi yoimbira ndi ya intaneti. Ya kuno ndi yosunga dzina lanu, chifukwa Airtel Money kapena Mpamba, mauthenga a kubanki ndi WhatsApp zonse zinamangiriridwa pa nambala imeneyo.

Tiyambe ndi amene akuti mungothira mayunitsi ambiriwo. Sakunama kuti simu ya TNM kapena Airtel ikhoza kugwira kunja. Imagwira pobwereka netiweki ya kampani ya dziko lomwe mwafikalo, zomwe amazitcha roaming, ndipo mwini netiwekiyo amafuna zake. Bandulo wamba yomwe munagula ku Luchenza sikhala ndi ntchito kumeneko, ndiye foni imayamba kudya mayunitsi mwachindunji pa mtengo wa kunja. Chomwe chimadabwitsa ambiri n'chakuti ngakhale kuyankha foni kumakudulani ndalama. Kuno tinazolowera kuti wolipira ndi woimba, koma mukawoloka malire, mwana akakuimbirani kuti akuuzeni zoti mbuzi yabereka, nonse awiri mukulipira.

Ife a kuno ku Mulanje zimenezi timaziona osachoka n'komwe m'dziko muno. Mukafika cha ku Limbuli kapena pa chipata cha Muloza, foni nthawi zina imalumphira yokha netiweki ya ku Mozambique, mungoona kachilembo ka R katuluka pafupi ndi timizere ta netiweki pamwamba paja, inu mtsinje musanawoloke. Amene anapsapo amadziwa kulowa mu Settings n'kusankha okha netiweki ya kuno m'malo moisiya foni izisankha yokha.

Tsono za WhatsApp mtima ukhale m'malo. Akaunti yanu imatsatira nambala yomwe munalembetsera, osati simu yomwe ikupereka intaneti tsiku limenelo. Mukaika simu ya ku South Africa n'kugula bandulo, WhatsApp idzatseguka monga mwa masiku onse, makasitomala anu a ku Bvumbwe ndi ku Thyolo boma adzakuonani pa nambala yomweyi ya 088 kapena 099, ndipo magulu onse adzakhalapo. Ikakufunsani ngati mukufuna kusintha nambala, kanani. Wina akatenga foni yanu kuti akuthandize n'kulunjika pa Change number, mulandeni.

Pamene pagona vuto ndi apa. Foni ikabedwa, ikafa, kapena wina akafufuta WhatsApp kuti apeze malo a zithunzi, poibwezeretsa imatumiza manambala 6 pa SMS kupita ku nambala ya kuno ija. Ngati simuyo munaisiya m'kabati ku Luchenza, ndiye kuti mwatsekeredwa panja ndi makasitomala anu onse mpaka mudzabwere. N'chimodzimodzi ndi timanambala tachinsinsi tomwe banki imatumiza munthu akafuna kusuntha ndalama pa foni. Kulandira SMS muli kunja nthawi zambiri n'kwaulere, choncho simu ya kuno ingokhala chete m'foni, kudikira mauthenga otere. Musananyamuke pitani ku ofesi ya kampani yanu, chiphaso cha unzika chili m'manja, akakutsimikizireni kuti layini yanu ndi yotsegula kugwira kunja komanso kuti ili m'dzina lanu. Chiyambire 2018 pomwe bungwe la MACRA, loyang'anira za matelefoni m'dziko muno, linalamula kuti simu zonse zilembetsedwe, alipo ambiri amene mpaka lero akuyendera layini yolembetsedwa m'dzina la amuna awo kapena mwana wawo, ndipo zimadzawavuta tsiku lomwe simuyo yatayika.

Za *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba musazidalire muli kunja. Tsiku lina zilola, lina zikana, malinga ndi netiweki yomwe foni yagwira. Ngongole ya banki m'khonde, fizi ya ana, za magetsi, konzerani zonse muli kuno. Ndipo sindikugwirizana ndi maganizo osiyira mwana simu ndi nambala yachinsinsi kuti "azikulandirirani ndalama za makasitomala". Maubale ambiri asokonekera pomwepo.

Foni zambiri zomwe tili nazo, ma itel ndi ma Tecno, zimalowa simu ziwiri, ndiye nkhani yake ndi yosavuta. Mu Settings, pa SIM cards, sankhani kuti intaneti ndi kuimba zizidutsa pa simu yatsopano, ndipo pa simu ya kuno zimitsani Data roaming musanafike n'komwe pa Mwanza. Koma yesani kaye chinthu chimodzi muli kunyumba: bwerekani simu ya kampani ina muike m'foni yanu muone ngati ikugwira. Foni zina zomwe abale amatitumizira kuchokera kunja zimakhala zokhomedwa kuti zizilandira simu ya kampani imodzi yokha, ndipo zogula pa ngongole zimatha kudzitseka mukadumphitsa kulipira. Ndi bwino kuzidziwira ku Luchenza kusiyana n'kukazidziwira pa kauntala ku Johannesburg. Za eSIM (simu zopanda kakhadi koika m'foni) zomwe achinyamata akukamba, zofuna foni zodula ndi khadi ya kubanki yogulira pa intaneti, inu zisakutayitseni nthawi.

Panjira pali masiku pafupifupi awiri omwe mudzakhale ngati mulibe foni. Basi ikachoka pa Wenela n'kudutsa Mwanza, netiweki ya kuno imathera cha pa Zobue. Kenako ndi Tete, Nyamapanda, kudula Zimbabwe yense mpaka Beitbridge. M'maiko awiri apakatiwa, Mozambique ndi Zimbabwe, mumangodutsa, ndiye kugula simu ya Movitel kapena Econet n'kungotaya ndalama, ngakhale anyamata a pa boda adzakukakamizani. Auzirenitu a kunyumba kuti mukhala zii, asayambe kuimbira abale onse kuti mwasowa. Mukafuna kuwadziwitsa kuti mwawoloka bwino, SMS imodzi ya pa simu ya kuno ikukwana.

Lembani papepala nambala ya alamu anu ndi adiresi ya komwe amakhala, pepalalo muike mu pasipoti. Batire limatha, ndipo a Immigration pa Beitbridge akhoza kukufunsani komwe mukukafikira. Manambala a kuno omwe mumaimba kawirikawiri asungeninso poyambira ndi +265 n'kuchotsa 0 woyambirira uja, apo ayi mukaimba muli uko sadzalowa. A ku South Africa amayamba ndi +27.

Mukafika, makampani akuluakulu ndi Vodacom, MTN, Telkom ndi Cell C. Musavutike n'kufunsa kuti yabwino ndi iti. Afunseni alamu anu yomwe iwo ali nayo komanso yomwe imagwira bwino m'nyumba mwawo, mugule yomweyo, chifukwa ndi omwe muzidzaimbirana nawo kwambiri mukasochera m'tauni. Kumeneko kuli lamulo lotchedwa RICA, lomwe kuyambira 2009 limafuna kuti simu iliyonse ilembetsedwe. Mlendo amaonetsa pasipoti ndi umboni wa komwe akukhala, choncho ndi bwino kupita limodzi ndi alamuwo atatenga pepala losonyeza adiresi yawo. Masitolo a makampaniwa ali m'mamolo ambiri, ndipo masitolo ngati PEP amagulitsanso simu n'kulembetsa pomwepo.

Kunja kwa Park Station, komwe mabasi ambiri amatsitsa, mudzapeza anyamata atanyamula mulu wa simu m'manja, atazimanga ndi kalabala, akukuwa kuti ndi zolembetsa kale. Munthu wotopa ndi ulendo, miyendo itatupa, amangogula. Zimagwiradi nthawi yomweyo, koma zili m'dzina la munthu amene simumudziwa. Ikatayika simungaibwezeretse, kampani ikaganiza zoitseka imapita ndi bandulo yanu, ndipo nambalayo ikakhala kuti inachitapo zachinyengo, woigwira ndinu. Kwa munthu wa geni, amene mwina adzafuna kutumiza ndalama kunyumba pa Mukuru kapena kusiya nambala kwa ogulitsa katundu kuti azimudziwitsa za katundu watsopano, nambala ya m'dzina lake ndi yofunika kuposa ola lomwe angataye pa mzere. Ndiponso pamalo pamenepo si potulutsira foni pamtunda n'kumasintha simu.

Simu ikalembetsedwa, musachoke pa kauntala musanaone kuti ikugwira. Muuzeni wogulitsayo akuthirireni mayunitsi n'kuwasandutsa bandulo pomwepo, imbirani alamu anu foni ilire inu mukuona, tsegulani WhatsApp uthenga ulowe. Kakhadi kapulasitiki komwe simu imathyoledwapo kaja musataye, pali nambala ya PUK yotsegulira simu ikadzitseka. Lembaninso nambala yanu yatsopano papepala lomwe lija, popeza palibe amene amaloweza nambala tsiku limodzi.

Bandulo imatha msanga chifukwa cha mavidiyo a m'magulu, a kumpingo, a maliro, a ndale, omwe amadzitsitsa okha usiku inu muli mtulo. Zimitsani zimenezo mu WhatsApp, pa Storage and data, ndipo ngati kwa alamu kuli Wi-Fi, zithunzi za katundu muzitumizira makasitomala madzulo mukabwerera kunyumba. Kuimbira kuno kuzikhala kwa pa WhatsApp. Agogo a foni ya mabatani ndiye ovuta, chifukwa kuwaimbira mwachindunji kuchokera pa simu ya uko kumadya kwambiri. Panganani ndi mdzukulu kapena neba yemwe ali ndi WhatsApp kuti Lamulungu masana azikawapatsira foni.

Kwa inu ena amene mumapita kukakhalitsa, miyezi kapena zaka, dziwani kuti layini ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaitseka n'kupereka nambalayo kwa munthu wina. Muziitumizira mayunitsi pang'ono kudzera kwa abale, n'kutumizirapo SMS mwa apo ndi apo. Simu ya ku Joni nayonso imafa ikagona kwambiri, ndiye mayi ngati ulendo wachiwiri uli kutali, musasiyemo mayunitsi ambiri pobwerera.

Chomaliza ndi tchaja. Masoketi ambiri a ku South Africa ali ndi mabowo atatu ozungulira akuluakulu, pomwe mapulagi athu ndi a mano atatu a makona. Tchaja ya mano atatu ya kuno sidzalowa, choncho mukagule adaputa tsiku lomwe mukukagula simulo, ndipo pawa banki ya panjira muitchajiretu usiku woti mawa mukunyamuka.