Greedy ndi ravenous si chimodzi

Achemwali, mwafunsa ngati mawu a Chingelezi akuti greedy ndi ravenous amatanthauza chimodzi. Ayi ndithu. Ravenous ndi munthu amene njala yamupweteka zedi, monga wochokera kumunda osalawa kanthu chim'mawire, ndipo palibe chomunyoza pamenepo. Greedy ndiye wadyera, ndipo mukamutchula mnzanu choncho konzekerani mkangano. Dyera la ndalama lili ndi dzina lakelake, avarice, koma limeneli mudzalipeza m'mabuku ndi m'maulaliki, pocheza silimveka. Kususuka pa chakudya ndi gluttony.

Mawu amene amandisangalatsa ine ndi covet, kusirira cha mnzako. Ambiri anawadziwira m'Baibulo la King James la 1611, pa lamulo lotsiriza mwa Malamulo Khumi. Koma mayi woyembekezera akalakalaka dothi kapena mango osapsa, Angelezi amati ali ndi cravings.